Mizere Isanu ya Dorica

Morrison Chisale anali kalipentala pa mgodi wa Battlefields, kufupi ndi Kadoma, ndipo pa komboni yonse nyumba yake yokha ndi imene inali ndi matabwa m'kati. Anaphwasula mabokosi akale a pamgodi, matabwawo n'kuwapala, n'kuwakhomera kukhoma. Ankawanyadira kuposa mkazi wake.

Mkaziyo, Dorica, sankadziwa kulemba. Mwana akabadwa, ankaotcha msomali pamoto n'kujambula mzere pa thabwa la pafupi ndi chitseko. Mwanayo akamwalira, ankajambula wina wopingasa pomwepo. Pofika mu 1956 mizere inalipo isanu, yonse yopingasidwa.

Chaka chomwecho Morrison anapita ku Chegutu n'kubwerako ndi mkazi wachiwiri, Lena, ndi chitini cha penti wabuluu. Lena anali atanena kuti sangagone m'nyumba yooneka ngati bokosi la maliro.

Morrison, mwini ntchito zamanjayo, bulashi sanaigwire. Anaiponya pamapazi pa Dorica.

"Uyambire pamene unakandakandapo," anatero Morrison.

"Bambo, amenewatu ndi ana anu."

"Ana anga ali kuti? Aitane abwere."

Dorica anapaka, ife oyandikana nawo tikungoonerera pakhomo ngati zitsiru. Penti atauma, mizere ija inaonekanso, chifukwa msomali unalowa kwambiri. Anapakanso kawiri, koma inkaonekabe.

Morrison anatenga hamala n'kuzula thabwalo. Sanalitaye ayi, munthu ameneyu sankataya thabwa. Analidula bwinobwino n'kupangira Lena kampando koti azidzakhalapo poyamwitsa mwana.