Sopo m'Buleki pa Nsanama

Chinayamba ndi fungo la sopo. Tinali titakwera kale pikiapu ya matola pa Nsanama, ine, Tadala wanga wa zaka zinayi ndi khanda kumsana, ulendo wa ku Liwonde, anthu titapanikizana pa matumba a nandolo. Ndinasuzumira m'mbali. Kuseri kwa tayala lakumbuyo kunkadontha timadzi tathovu. Ndinawaona agogo anga aamuna, aNamakhwa, ngati aima pomwepo.

Ndinakulira pakhomo pawo ku Utale. Anzawo ankaweta mbuzi, iwo ankaweta mapikiapu akalekale amene eni ake anawataya. Ankawakoka ndi ng'ombe mpaka pansi pa mitengo ya mango, kuwapala dzimbiri, kusoka mipando ndi singano ya matumba, kuwapaka penti modekha ngati akudzoza mwana mafuta. Pakhomo ponse pankamveka girisi, petulo ndi utsi umene unkakakamira m'zovala zathu mpaka kutchalitchi. Iliyonse inali ndi dzina. Yobiriwira inali Abiti Ulesi, chifukwa sinkalira osaikankha. Yoyera, ya pamtima pawo, inali Dona. M'zinazo nkhuku zinkaikiramo mazira, ndipo agogo aakazi ankati zokhazo ndi zimene zinkagwira ntchito.

Ntchito yanga inali kuponda buleki. Ankandikhazika pampando, iwo n'kugona pansi pa galimoto ndi sipanala ndi kabotolo, akuchotsa mpweya m'mapaipi.

"Ponda, ponda, ponda. Gwira pomwepo, Esime, usasiye."

Mwendo unkanjenjemera.

"Siya tsopano. Yalimba?"

"Pang'ono, agogo."

"Pang'ono sitiyenda nayo pamsewu. Pondanso."

Pa tsiku la ukwati wa amayi aang'ono, mwana womaliza wa agogo, Dona ndiye inayenera kunyamula mkwatibwi ndi kwaya. Mafuta a buleki anali atadontha onse, kogula kunali ku Balaka, ndiye amalume anachita zimene amachita a matola ena: anasungunula sopo m'madzi n'kuthiramo, agogo osadziwa. Kwaya inali itakwera, ikuimba. Agogo anatuluka atavala jekete, anazungulira galimoto monga mwa chizolowezi chawo, anagwada m'fumbi ndi buluku lawo la kutchalitchi, anagwira kuseri kwa tayala n'kununkhiza zala. Sanakalipe. Anatsegula boneti, anamasula batire, analinyamula kukaliika kuchipinda kwawo.

"Bambo, ndi pafupi pomwepa, tiyenda pang'onopang'ono," anatero amalume.

"Iyayi. Galimoto yokana kulira mumaikankha. Yokana kuima mudzaitani?"

Mkwatibwi anapita pa njinga atagwira chophimba kumutu kuti chisakodwe m'masipoko, wopalasa ali agogo omwewo, thukuta lili kamukamu m'jekete. Anthu anaseka njira yonse. Agogo aakazi anatha masiku osawalankhula. Koma kutchalitchi tinafika tonse, ndipo tinabwerako tonse.

Agogo anatisiya kalekale, mapikiapu anagulidwa ndi a zitsulo zakale. Ine ndinatsala ndi mphuno basi.

Ndiye pa Nsanama paja ndinagogoda padenga. "Adalaivala, mwathira sopo m'buleki?"

Anatulutsa mutu pawindo. "Amayi, ndinu a tirafiki?"

Anthu anaseka.

"Tatsika nayo ku Liwonde dzulo lomweli, ikugwira bwinobwino."

"Achemwali, takhalani pansi, mutichedwetsa," anatero bambo wina wa nandolo.

Manyazi anandigwira, ndinatsala pang'ono kukhaladi. Koma ndinayang'ana pagalasi lakumbuyo, ndinaona bondo la adalaivala likukwera ndi kutsika, ponda, ponda, ponda, galimoto isananyamuke n'komwe. Bondo limenelo ndinalidziwa. Ndinaganiza za malo otsetsereka aja tisanafike ku Liwonde, ndi timiyendo ta Tadala tikulendewera pa thumba.

Ndinalankhula mokweza. "Buleki imeneyi ikudontha sopo. Amene wamva wamva."

Ndinamunyamula Tadala kumutsitsira pansi, ine n'kutsika pambuyo ndikugwira khanda ndi dzanja limodzi. Mayi wina wachikulire anandiyang'ana, anayang'ana tayala, n'kutsika nayenso ndi dengu lake. Ena onse anapita, fumbi linawaphimba.

Tadala analirira silipasi yake imene inatsalira m'galimoto. Tinadikira padzuwa nthawi yaitali, khanda likuvuta.

Pikiapu ina itaima, wothandizira dalaivala anatambasula manja kuti amulandire Tadala. Ndinati dikirani kaye. Ndinagwada m'fumbi, anthu onse akundiyang'ana, ndinapisa dzanja kuseri kwa tayala lililonse n'kununkhiza zala. Zinali zouma.

"Mukwezeni tsopano," ndinatero.