Makaneta a pa Natale

Mkazi wanga atamwalira ndinabwerera ku ntchito patangotha sabata imodzi. Ndinali kalaliki pa loja, sitolo ina ku Fingoe, ya mzungu wogula chimanga ndi mtedza. Chaka chimenecho asilikali anali atasamutsa midzi yambiri, alimi anachepa, ndipo patirau, bwana wanga mzunguyo, anaganiza zopereka kamphatso pa Natale, Khirisimasi ija, kuti otsalawo asamakagulitse kwina.

"Iwe unapita kusukulu," anatero. "Sankha." Anandikankhira buku la zithunzi lochokera ku Tete: makalenda, timagalasi, ndi zolembera zomwe timati makaneta.

Kalenda imafuna khoma, pomwe anthu ankagona m'misasa ya udzu. Galasi limasweka m'thumba. Ndinasankha makaneta. Ofiira ndinawakana poti ndi ochongera ana olakwa. Ndinatenga a buluu, achivindikiro, dzina la loja litalembedwa m'mbali. Kusankhako ndinakukokera dala masiku atatu, chifukwa kunyumba kunalibe chothamangira.

Makanetawo anafika patapita mwezi, pa galimoto zoperekezedwa ndi asilikali. Patirau anati ndizipereka ndine, aliyense m'manja mwake.

Koma ine ndinali ndisanasudzulidwe. Akuchikazi anali atathawira ku Zambia, panalibe woti amete maliro n'kundimasula, ndipo Fingoe yonse inkadziwa zimenezo.

Woyamba anali bambo wina wa ku Chipera, mnzawo wa apongozi anga. Ndinatambasula dzanja. Anayang'ana kanetayo, kenako sikelo.

"Ikani pathebulopo, akalaliki. Manja angawa ndi afumbi."

"Fumbi silivuta, bambo."

"Ikani basi. Komanso ndizilembera ndani ine, mbuzi?" Anaseka, nane ndinaseka. Nditaika n'kubwerera m'mbuyo, anaitola n'kuisomeka m'tsitsi.

Otsatira onse anachita chimodzimodzi. Wina anati wanyamula zambiri. Mayi wina anangotsegula dengu lake n'kudikira. Sanali anthu ankhanza. Anali ndi ana kunyumba ndipo ankaopa kuwatengera matenda a maliro. Tsiku lachitatu ndinasiya kutambasula dzanja. Ndinkandanditsa makanetawo pathebulo m'mawa, n'kukaima pafupi ndi matumba.

Loweruka patirau anapeza bokosi lili mbee.

"Wasankha bwino, mnyamata," anatero, n'kundipatsa chanza.

Za miyambo yathu sankadziwa kanthu. Linali dzanja loyamba kukhudza langa chichokereni kumanda, lonunkha palafini, ndipo ndinachedwa kulisiya mpaka analichotsa yekha n'kundiuza kuti ndikatseke mawindo.