Nkhono m'chikhodzodzo changa

Chizindikiro choyamba ndinachiona mu Novembala, dzuwa likuswa mtengo. Ndikamamaliza kukodza, madontho otsiriza ankatuluka ofiira ngati madzi otsukira nyama. Sindinatekeseke. Kuno ku Senga Bay tinakula tikumva kuti mnyamata akakodza magazi ndiye kuti akukula. Koma ine ndinali kale bambo wa ana awiri.

Ntchito yanga ndi yojambula zithunzi pansalu n'kumagulitsa kwa alendo obwera m'maloji. Ndinkajambula zimene iwo amakonda: mabwato, amayi atasenza mitsuko, chambo chonyezimira. Maburashi ndinkatsukira m'mabango, pomwe madzi sayenda, nditalowa mpaka m'mawondo, ndipo ndinkasambanso pomwepo.

Pofika Januwale mkodzo wonse unali wofiira ndipo unkawotcha potuluka. Fungo lake linali ngati la usipa wogonera m'bwato. Ndinkadzinyansa. Makapisozi a pagolosale sanathandize. Ndinayamba kumva chizungulire, ndipo m'manja mwanga munayera.

Tsiku lina m'mawa mkodzo unakaniratu kutuluka. Chinena chinatupa n'kuuma gwa. Akazi anga, mayi a Tadala, anandikweza kabaza mpaka pamsewu, kenako minibasi ya ku Salima. Kuchipatala tinadikira pabenchi, mzere ukuyenda pang'onopang'ono, ine thukuta lili kamukamu. Namwino atandilowetsa kapaipi, munatuluka magazi oundana ngati zidutswa za chiwindi cha nkhuku. Ndinayang'ana kamodzi kokha n'kusanza.

Anandigoneka m'wodi ya abambo, thumba la mkodzo lili lende m'mbali mwa bedi. Tsiku lililonse linkayenda mofanana. Ankayamba ndi kutiyeza kutentha kwa thupi, kenako okolopa ankabwera ndi mankhwala awo onunkha, ife n'kumadikira adokotala, otisamalira ataunjikana pakhomo ndi mabeseni. Fungo la mankhwalawo likasakanikirana ndi la mikodzo, chakudya sichinkalowa.

Atandiyeza mkodzo, ndinapempha bambo wa kulabu kuti nane ndisuzumire m'makina ake oonera tizilombo. Anaseka, koma anandilola. Ndinaona mazira a tizilombo ooneka ngati nthanga za dzungu, lililonse lili ndi kamunga kumapeto. Thupi lonse linandinyerenyesa poganiza kuti zimenezo zinali m'kati mwanga, zikundibaya.

"Bambo, ili ndi likodzo lokhalitsa," anatero adokotala. "Tizilombo timachokera mu nkhono za m'madzi n'kulowa pakhungu. Tikupatsani mankhwala, komanso tikuunikani kuti tione ngati mulibe chotupa."

Pabedi loyandikana ndi langa panali a Mbewe, mlimi wa mpunga wa ku Lifuwu. Iwo likodzo anakhala nalo kuyambira ali mnyamata mpaka linayambitsa khansa ya m'chikhodzodzo. Thumba lawo linkadzaza ndi zakuda ngati matope a m'dimba, ndipo ntchentche sizinkachoka. Anali munthu wofatsa, ankapepesa chifukwa cha fungo. Anamwalira masana ena akazi awo atapita kukatunga madzi kumpopi. Anawakulunga nsalu, anawatulutsa pa kabedi ka matayala kolira kwii kwii, matiresi anawapukuta, ndipo dzuwa lisanapendeke panagona munthu wina. Apo n'kuti ine ndikudikirabe tsiku londiunika.

Mankhwala a likodzo ndi mapiritsi aakulu, oyera, owawa koopsa. Namwino anati ndiyambe ndamwa phala. Ngakhale ndinatero, ndinawabweza onse, ndipo anachita kundipatsanso ena mawa lake. Atandiunika anapeza kuti chikhodzodzo chakhuthala ndi zipsera, koma chotupa munalibe. Mayi a Tadala anakhala pansi m'khonde momwemo n'kulira.

Nditabwerera kunyumba ndinayesa kujambulanso mabwato, koma dzanja linakana. Madzi obiriwira omwe ndinkapaka pansalu ankandichititsa nseru. Ndiye ndinajambula zimene zinali m'mutu mwanga. Chithunzi choyamba chinali cha munthu ataima m'munda wa mpunga, mutu wake uli chigoba cha nkhono, ndipo ngala za mpungawo zili mapiritsi oyera. Ameneyo anali a Mbewe. Kwa ine nkhono ndiyo imfa, chifukwa imayenda mosafulumira itasenza bokosi lake kumsana. China ndinajambula nyanja yofiira ili m'thumba la mkodzo lopachikidwa pa bango, asodzi akuponya makoka m'kati mwake n'kumakoka mazira aminga aja. Pakona ndinaika kakowa ataima ndi mwendo umodzi, kapaipi kali kukamwa. Kakowayo ndi namwino uja: woyera, wosaseka, koma ndiye anandipulumutsa.

"Izi m'nyumba muno ayi, a bambo a Tadala," anatero akazi anga. "Ana azilota nazo."

Sindinawatsutse, pakuti nanenso zimandinyansa. Ndinazitengera pamalo pomwe ndimagulitsira. Alendo ankangoponyako diso n'kudutsa, koma asodzi ankaima nthawi yaitali. Ena ankaseka kuti matenda andizunguza mutu. Mmodzi, bambo wamkulu ndithu, anadikira anzake achoke, n'kundifunsa chapansipansi ngati zofiira zimenezi zimachizika. Ndinamufotokozera zonse, ngakhale za kapaipi. Sabata yotsatira anandipeza n'kundiuza kuti wamwa mapiritsi aja, ndipo akufuna atengerenso ana ake.

Pano ndili bwino. Mkodzo unayera, mphamvu zinabwerera, ngakhale kuti ndimakodza pafupipafupi chifukwa cha zipsera. Adokotala anati ndizipita kukaunikidwa nthawi ndi nthawi, ndipo sindiphonya. Ana anga onse anayezedwa ndipo Tadala anamupeza ndi likodzo, anamwa mankhwala, anachira. Timasamba madzi a pamjigo, ndipo mankhwala a likodzo akabwera m'mudzi banja lonse timamwa.

Inu amene mukuona magazi mu mkodzo, ngakhale dontho limodzi, musadikire kuti zileka zokha, ndipo manyazi asakugwireni. Pitani kuchipatala mukadali ndi mphamvu zoyenda nokha. Mapiritsiwo ndi owawa, sindikunamizani, koma amamwedwa tsiku limodzi. A Mbewe akanawamwa ali mnyamata, bwenzi chaka chino akukolola mpunga wawo.