Imelo Yanga Inapita kwa Onse

Kompyuta inafika mu ofesi yathu ine nditayamba kale imvi. Ndinali kalaliki wamkulu pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje, ndipo ntchito yanga yonse ndinkaigwira ndi cholembera. Bwana watsopano atabwera, munthu wa kunja wosamva Chichewa, analamula kuti nkhani za ku fakitale, za kumunda ndi za kuchipatala ziziyenda pa imelo. Anatiikira pulogalamu ya makalata pa kompyuta iliyonse. Ukaitsegula, kumanzere kunkaoneka timabokosi: ka makalata obwera, ka odikira kupita ndi ka amene apita kale. Ndinkalemba ndi zala ziwiri ngati nkhuku yotola chimanga, koma ndinazolowera. Chinkandisangalatsa n'chakuti ukangoyamba kulemba dzina la munthu, makinawo ankamaliza okha.

Nthawi imeneyo mkazi wanga anali atamwalira, ana onse ali kwawokwawo. Ndinkakhala ndekha m'nyumba ya kampani. Mwezi uliwonse ndinkapita ku chipatala cha pa esiteti kukayezetsa bipi, ndipo ankandiyeza anali anesi ena, mayi wamasiye wofatsa koma wosabisa mawu. Ankandikalipira za mchere ndi za kusayenda. Ndinayamba kuona kuti mwezi ukuchedwa kutha. Kangapo ndinapita nditakonza mawu, koma chitseko cha chipinda chawo sichinkatsekeka bwino, ndipo pabenchi panja pankakhala podzaza ndi anthu ondidziwa.

Tsiku lina masana kunja kuli chiperoni, phiri lonse litabisika, ndinatsala ndekha mu ofesi. Ndinatsegula pulogalamu ija ndi kuyamba kuwalembera anesi aja. Ndinawauza kuti nyumba yandikulira, kuti ndatopa kudya ndekha, komanso kuti ngati angalole ndikufuna ndikaonekere kwa abale awo. Kumapeto ndinafuna kuwaseketsa pang'ono, ndiye ndinalemba kuti: "Bipi yanga sikwera chifukwa cha mchere ayi, imakwera mukandigwira mkono."

Ndinawerenga kalatayo mobwerezabwereza, kukonza mawu apa ndi apo. Pamalo pa dzina ndiye sindinayang'ane. Zilembo zoyamba za dzina lawo zinali zofanana ndi za dzina la gulu limene bwana ankatumizira zidziwitso kwa ogwira ntchito onse. Makina anamaliza okha monga mwa nthawi zonse, ine n'kudina batani lotumizira, n'kuweruka mtima uli myaa.

M'mawa ndinatsegula kompyuta ndikuyembekeza yankho lawo. Ndinapeza mayankho ambiri, koma lawo panalibe. Loyamba linali la kalaliki wa ku sitolo ya zipangizo, wondifunira mafuno abwino. Lina linali la mkulu wa ku fakitale, wondilangiza kuti ndisamamwe mankhwala, ndingosintha nesi. Ndinayang'ana pamwamba pa kalata yanga n'kuona kuti inapita kwa ogwira ntchito onse.

Ndinathamangira m'bokosi la makalata opita kale ndi kuifufuta, poganiza kuti ifufutikanso kwa anzanga onse. Kenako ndinaimbira foni munthu wa ku Blantyre amene ankatikonzera makompyuta. Anandimvetsera mpaka kumaliza, n'kundiuza mwaulemu kuti yapita yapita, aliyense ali nayo pa makina ake. Tisanapume masana bwana anandiitana. Anali atauza sekilitale wake kuti amutanthauzire mawu onse, poyesa kuti ndi chidziwitso cha ntchito. Sanandikalipire. Anangoti makina a kampani ndi a ntchito za kampani, uku akuyang'ana pawindo kuti ndisaone kuti akuseka.

Ndinkadzitonthoza kuti okhala ndi kompyuta ndi ochepa. Koma wina anaisindikiza papepala, ndipo kapitawo wina anakaiwerenga mokweza pamalo oyezera tiyi, amayi othyola masamba ali pamzere ndi madengu kumsana. Loweruka ndili pamsika wa Chitakale, mayi wogulitsa tomato anandigwira mkono n'kuuza anzake kuti akufuna aone ngati bipi ikwere. Ndinasiya tomatoyo pomwepo. Kutchalitchi, kumene ndinali mkulu wa mpingo, ndinapempha kuti andichotse kaye pa ndandanda ya owerenga mawu, chifukwa ndikaima kutsogolo achinyamata ankaweramitsa mitu mapewa akugwedezeka.

Zanga zinali zosekedwa chabe. Za anesi aja zinali zowawa. Abale a malemu amuna awo ankagwira ntchito m'fakitale momwemo, ndipo nkhani inasanduka. Anthu anayamba kunena kuti ife tinayambana kalekale, ena mpaka kuti malemuwo adakali moyo. Ndinamva kuti mayiwo anakhala masiku osabwera ku ntchito. Ine kuchipatala kuja ndinasiya kupitako. Ndinkakwera minibasi kukayezetsa kuboma, ndipo ndikaona yunifolomu yoyera pamsewu wa pa esiteti ndinkakhotera m'tiyi.

Patapita milungu, achimwene awo a anesiwo, amene anali mwini mbumba, ananditumizira uthenga kuti ndikawaone kwawo ku Chonde. Ndinatenga msuweni wanga kuti andiperekeze. Tinakhala pakhonde. Bambowo analankhula nthawi yaitali, akusakaniza ndi Chilomwe akafika popweteka. Anati kufunsira mbeta si mlandu, ngakhale nkhalamba imafunsira, koma iwo sanaonepo munthu wofunsira pamsika. Msuweni wanga anafotokoza za makina omaliza okha mayina, koma pakhonde paja zinkamveka ngati bodza la mwana. Ndinamugwira bondo kuti asiye, ndipo ndinapepesa ndekha.

Kenako anesi aja anatuluka m'nyumba n'kukhala pamphasa chapatali. Ndinali ndisanawaonepo atavala chitenje. Sanandiyang'ane.

"Bambo, mukanabwera nokha kudzagogoda, mpando ndikanakupatsani," anatero. "Chimene ndikanayankha sindikuchidziwa. Koma lero ndikavomera, anthu ati zonse zimene akunenazi n'zoona, ndipo ana anga akumva. Ndiye yankho langa ndi lakuti ayi."

Ndinati ndamva. Tikutsanzika anandifunsa ngati mankhwala ndikumwabe. Nditawauza zoti ndimapita kuboma, anati kuthawa kwangako kukungowonjezera miseche, ndibwerere kuchipatala cha pa esiteti monga wodwala wina aliyense.

Ndinabwereradi mwezi wotsatira. Pabenchi anthu anandipatsa malo mwaulemu wopitirira muyezo, ndipo nditalowa onse anakhala chete kuti amve. Anesiwo anasiya chitseko chili chotsegula dala. Anandiyeza, analemba m'kabuku, anandipatsa mapilitsi, n'kuitana wotsatira. Tinapitiriza choncho mpaka chaka chitatha, pamene anapeza ntchito ku chipatala china kutali ndi esiteti. Tsiku lowatsanzika anzawo anakonza kaphwando, ndipo chidziwitso chake chinabwera pa imelo kwa tonse. Ndinapereka nkhuku kudzera kwa sekilitale, koma ine sindinapiteko.