Foni pamwamba pa nsungwi

Patapita miyezi iwiri chimwalirire bambo, kumudzi kwathu, njira ya ku Chipera, kunabwera tekiniko woyeza malo. Anali mzimayi wochepa thupi, ndipo anafika pa mota, njinga yamoto, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Gulu la okumba golide linali litapatsidwa malo oyandikana ndi dimba la amayi. Malire ake anali kale papepala, m'manambala. Ntchito ya tekinikoyo inali kuwapeza pansi n'kukhoma zikhomo.

Nkhani inali pa chitsime chimene bambo anakumba kumapeto kwa dimbalo. Chikagwera mbali ya okumbawo, amayi sakanakhalanso ndi madzi othirira matimati ndi anyezi m'chilimwe.

Tekinikoyo ananyamula ndodo yachitsulo yokhala ndi mbale yoyera pamwamba. Ndinamufunsa mmene imagwirira ntchito, poti kufunsa ndinakuzolowera ku ntchito yanga ya nyuzipepala. Anati mbaleyo imamva masatelite, koma payokha imaphonya ndi mamita awiri kapena atatu. Mnzake anatsala ku tauni ya Fíngoè ndi mbale ina, yoikidwa pamalo oyezedwa kale. Imeneyo imaona kuti masatelite aphonya motani, n'kumatumiza zokonza pa intaneti sekondi iliyonse. Zikafika, kuphonyako sikupitirira kutalika kwa chala.

Chitsime chinali mkati mwa mamita atatuwo. Kudimba kunalibe redi, ndiye kuti netiweki, ndipo foni ya tekinikoyo sinkagwira.

Amayi ndi amene anapeza nzeru. Anapita kunyumba n'kubwera ndi nsungwi yaitali yothyolera mango. Tinamangirira foni yanga kunsonga ndi mphira, nditaitsegula kuti igawire makina a tekinikoyo intaneti. Ndinakwera pachulu n'kuimika nsungwiyo.

"Kwezaninso pang'ono, achimwene," anatero tekinikoyo. "Eya, yagwira. Musagwedezeke."

"Ameneyu chibadwire sanaimepo chete," anatero amayi.

Anaseka tekinikoyo yekha.

Ndinaima pamenepo mphindi pafupifupi makumi awiri. Mikono inachita dzanzi. Sindinkaopa kapena kuyembekezera kanthu, ndinkangoyang'ana nyerere zikukwera phazi langa. Kenaka tekinikoyo anati zokonza zayamba kufika. Anayenda ndi ndodo yake pang'onopang'ono, maso ali pa makina. Anadutsa chitsime, n'kuima phazi limodzi mkati mwa dimba, pamzere woyamba wa anyezi. Chitsime chinatsala mbali ya okumba golide.

"Mayi, malire ndi pano."

Amayi anayang'ana pamene ndodo inagunda pansi, kenaka anayang'ana ine pachulu paja.

"Foniyo tikanaisiya m'thumba, mukanakhoma pati?"

"Sindikanakhoma, mayi. Ndikanabweranso sabata yamawa."

Anazula anyezi awiri kuti chikhomo chilowe, n'kuwapatsa amayi m'manja. Amayi analandira ndi manja awiri monga amalandirira chilichonse.

"Nanga lero ndingatunge?"

"Pepala la kuyezaku silinasainidwe, mayi."

Mota itachoka, amayi anaponya ndowa m'chitsime. Ine ndinkanyamula, iwo ankathira. Tinathirira mizere yonse, ndi ija tinathirira kale m'mawa.