Ababa akomoka m'chipinda cha kanema

Salamu aleikum nonse.

Abale, tamverani. Lero ndamaliza chipinda changa choonera kanema. Zenera ndinatseka ndi njerwa kuti mukhale mdima. Aneba atadandaula za phokoso la jenereta, ndinapsa mtima, ndinawazazira, n'kuilowetsa m'chipinda momwemo.

Ndinakhazika ababa pampando kuti ayambe ndiwo kuonera, ine n'kuthamangira kukagula petulo. Pobwera ndapeza filimu ikuwala pakhoma, iwo mutu uli pachifuwa, kofia ili pansi. Ndimayesa tulo. Ndawagwedeza, "Ababa! Ababa!" koma zii.

Tili kuchipatala ku Liwonde. Akupuma koma sanatsegule maso. Adokotala akuti ndi utsi wa jenereta.

Amayi ali kumunda ku Chikweo, sakudziwa kanthu. Amalume, ndiwauze ndekha kapena muyimba ndinu? Ine ndikuopa kumva mawu awo.