Phula ndi Ndevu za Chimanga za a Matiyasi

Fungo la phula la njuchi likandipeza, ngakhale lero pamene maso anga achita nkhungu, ndimabwerera pakhonde la a Matiyasi dzuwa litapendeka, mphepo yozizira ikutsika kuchokera ku phiri la Dedza, utsi wa nkhuni zonyowa ukutuluka m'madenga audzu, mitondo ikugunda kuseri kwa nyumba, iwo atakhala pachitsa n'kumafewetsa phula ndi zala zawo zazitali zija. Likafewa ankaumba timibulu tiwiri n'kudzitseka nato m'makutu. Akatero ankanditembenukira n'kunena mokweza, poti sankadzimvanso okha, kuti, “Yamba, Tinyade.”

A Matiyasi anali anansi athu. Pakati pa nyumba yawo ndi yathu panali nkhokwe ya atate basi. Anawatumiza m'mudzi mwathu kuchokera ku mishoni ya ku Bembeke, nkhondo ya Ajeremani isanayambe, kuti aziphunzitsa ana zilembo m'mawa ndipo akuluakulu katekisimu masana, m'kasukulu kaudzu kamene kankadontha mvula ikangowaza. Anali munthu wowonda, wa nkhawa ngati nkhuku yaana imene yaona mthunzi wa kabawi. Mitambo ikachita bii ankada nkhawa ndi denga, kukayera ankada nkhawa ndi chimanga.

Koma nkhawa yawo yaikulu inali mng'ono wanga Ndaziona. Iyeyu anadwala malungo aakulu atangoyamba kulankhula, ndipo anachira makutu atatsekeka. Mawu anamutsalira ochepa, nawonso ankatuluka okhotakhota, moti ana anzathu ankamuseka n'kumamutchula kuti gonthi. Ine ndinkamenya aliyense womutchula choncho, ndipo zipsera zina ndidakali nazo. Tinkagona mphasa imodzi, kufunda nsalu imodzi, ndipo m'mawa ndinkamudzutsa pomutsina chala cha kuphazi.

Atate, amayi ndi ine tinali titadikira ubatizo kwa zaka. Mwambo wake unali woti ansembe azibwera kudzafunsa mafunso, aliyense n'kuyankha ndi pakamwa pake. Amalume, eni mbumba yathu, ankakhala kuchigwa kotentha ndipo zamapemphero sankazifuna n'komwe. Tsiku lina anauza amayi ife tikumva kuti, “Inu lowani kumene mukulowako. Koma Mulungu wanuyo akamukana mwanayu, musamusiye panja ngati galu. Ndidzamutenga, azikandipirikitsira mbalame m'mapira.” Amayi sakanatha kutsutsa alongo awo. Kuyambira tsiku limenelo ndinkagona nditagwira nsonga ya nsalu ya Ndaziona.

Poyamba a Matiyasi ankaganiza kuti mankhwala a ugonthi ndi kukuwa. Ankamukuwira m'khutu mpaka mawu kusasa, iye n'kumangowayang'ana ngati akuona munthu akuyasamula. Kenaka anazindikira kuti maso a mwanayo sankachoka pamilomo ya wolankhula, ndipo m'pamene nkhani ya phula inayambira. Dzuwa likapendeka ankandiitana, n'kutseka makutu awo, ine n'kumawafunsa mafunso amene adzaphunzitse mawa lake. Funso limene aligwira pamilomo yanga ankalisunga. Limene lawavuta ankalidula, kulifupikitsa, kulitembenuza uku ndi uku mpaka ligwirike. Ankati, “Wophika amayamba walawa yekha.”

Mudzi wonse unkawaseka. Akazi awo, a Nangozo, omwe ankaumba miphika, ankawaitana kukadya mpaka kutopa, kenaka n'kuwagenda ndi chitsononkho. Tsiku lina mbuzi zinawathera nyemba zimene anayanika kumbuyo kwawo kwenikweni, iwo ali tcheru pamilomo yanga. Koma zinkaoneka kuti zikuyenda. Ndaziona akayang'ana pakamwa pawo ankachita chizindikiro cha mtanda, ankaloza kumwamba, ankagwada, ndipo nthawi zina ankatulutsa liwu lake lokhota lija pamalo oyenera. Tonse tinati yapsa, ipite.

Ansembe anafika mvula yoyamba itagwa, atakwera bulu, atavala mkanjo woyera. Ine ndinayankha mafunso awo, makolo anganso anayankha. Itafika nthawi ya Ndaziona, anagwada bwinobwino monga anamuphunzitsira, n'kukweza maso kuti apeze pakamwa. Pakamwapo panalibe. Ansembewo anali ndi ndevu zofika pachifuwa, zina zophimba milomo yonse, moti akamalankhula ndevuzo zinkangogwedezeka. Ndaziona anayang'ana a Matiyasi, anayang'ana ine, anayang'ananso ndevu zija. Anadzuka n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe.

Ansembe sanakalipe. Anangonena mofatsa kuti mwana wamsinkhu umenewo sangamubatize asanaone kuti akudziwa chimene akupempha, ndipo anati adzabweranso Pasaka ikamayandikira, kuti banja lonse lidzabatizidwe limodzi ngati kungatheke. Uthenga sunachedwe kutsikira kuchigwa. Amalume anayankha kuti nawonso tsiku limenelo adzakhalapo.

Kwa masabata angapo a Matiyasi ankangoyenda chozolika, akudziguguda kuti anakonzekera zonse kupatula ndevu. Chimanga chitabereka anapita kumunda kwawo, n'kubwera ndi ndevu za chimanga zodzaza m'manja, n'kuzimata ndi phula kuzungulira pakamwa pawo. Ndinaseka mpaka kugwa pansi, koma iwo sanaseke. Anafunsa Ndaziona mafunso onse ali chibisire milomo, ndipo iye sanayankhe ngakhale limodzi. Anachotsa ndevu zija n'kuyamba ndi funso lomaliza, iye n'kuyankha yankho la funso loyamba. Anasintha mwina, zomwezo. Mwanayo anali ataloweza ndondomeko chabe, kuti pakamwa pakatseguka koyamba uchite chakuti, kachiwiri uchite chakuti. A Matiyasi anakhala pansi pafumbi, manja pamutu.

“Mwanayu ndamuphunzitsa milomo yanga,” anatero. “Za Mulungu sindinamuuze kanthu.”

Ine mantha anandigwira kuposa tsiku la ansembe lija, chifukwa miyezi inali itatha ndipo tinali pomwe tinayambira. Ndinawafunsa ngati nthawi ikwane. Anati sakudziwa, ndipo kusanama kwawoko kunandikwiyitsa.

Mawa lake anatenga kadengu kakale ka a Nangozo n'kunena kuti kuyambira tsopano phunziro lizikhala chinthu chimodzi patsiku, chinthu chogwirika ndi manja. Kakonzedwe kake kanasinthanso. Phula linali m'makutu mwawo monga kale, koma ndevu za chimanga ankamata pakamwa panga, kuti asamabere poyang'ana milomo. Tangoganizani, mtsikana wotha msinkhu pang'ono, atamera ndevu zoyabwa, anyamata akusuzumira kumpanda. Ndinkayenera kuwaphunzitsa ndi manja ndi zam'dengumo zokha. Akalephera kumva chimene ndikutanthauza, phunzirolo ankalitaya n'kuyamba lina, ngakhale analiganizira tsiku lonse.

Tinaumba tianthu tadothi: atate ndi khasu, amayi ndi mtsuko, ine wamtali, Ndaziona wamfupi. Iye anadzizindikira msanga, n'kumakagwira kake kaja monyadira. A Matiyasi ankamupatsa dothi kuti aumbe yekha, kenaka ankaloza chimene waumba n'kuloza manja ake, n'kuloza iye mwini, ine, mbuzi, phiri, n'kutambasula manja kufunsa. Zinatenga masiku. Tsiku limene analoza kumwamba mosauzidwa, nkhope yake ili yodabwa ngati wakumbukira chinthu, a Matiyasi anatembenuka n'kumanamizira kuti utsi wawalowa m'maso.

Phunziro la ubatizo ndi limene linatsala pang'ono kutigwetsa. A Matiyasi anapaka mwaye pakamunthu ka Ndaziona kusonyeza zoipa, n'kutenga chikho cha madzi kuti akatsuke. Phunziro limeneli sanayambe alilawa, poti nthawi inali itawathera ndipo ankaliona ngati losavuta. Dothi lija linali losaotcha. Madzi atangothiridwa, mutu unasungunuka, manja anagwa, kamunthu konse kanasanduka matope m'dzanja mwawo. Ndaziona anakuwa kukuwa kumene sindinakumveponso. Kwa iye zinali zomveka bwino: madzi a ansembe amasungunula munthu. Kwa masiku angapo akangoona chikho m'manja mwa a Matiyasi ankathawa, ndipo ngakhale kumtsinje ndinkachita kumukoka.

A Nangozo ndi amene anatipulumutsa, akunyoza amuna awo kuti akhala zaka ndi woumba miphika osadziwa kuti dothi limafuna moto. Anaotcha tianthu tatsopano pamodzi ndi miphika yawo. A Matiyasi sanathamangenso. Tsiku loyamba anangoviika mtsuko wa kachidole ka amayi. Lachiwiri anadzipaka mwaye pamphumi n'kundiuza kuti ndiwathire madzi, m'mawa wozizira wa kuphiri kuno, n'kuima akunjenjemera kuti Ndaziona awagwire aone kuti sanasungunuke. Kenaka inali nthawi yanga yonyowa. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekha kunali kutandithera, poti chimanga chinali chitayamba kukhwima ndipo Pasaka inali pakhomo.

Amalume anafika tsiku limodzi ndi ansembe. Sanalowe m'sukulu. Anakhala panja pansi pa mtengo wa msuku moyang'anana ndi khomo, ndodo yawo ili pambali, akufwenkha fodya. Amayi anali atamanga kale kamtolo ka Ndaziona n'kukabisa kudenga kuti ine ndisakaone, koma ndinali nditakaona.

A Matiyasi anapempha ansembe kuti afunse mwanayo ndi zam'dengu. Ansembe anavomera. Ankanyamula chinthu, Ndaziona n'kusonyeza, ndipo zinkayenda. Koma ndinaona kuti ansembewo sanakhutire. Anafunsa a Matiyasi ngati mwanayo sakungobwereza zimene wazolowera, ndipo a Matiyasi, m'malo momuikira kumbuyo, anavomera kuti zimenezo zinachitikapo kale. Ndinafuna kuwaluma.

Pamenepo ansembe anachita chimene sichinali m'phunziro lililonse. Anapaka mwaye tianthu tonse tinayi. Anatsuka ka atate, ka amayi ndi kanga, n'kutiika m'dengu n'kuvundikira. Ka Ndaziona anakanyamula kali kakuda choncho, n'kukakasiya panja pakhomo, n'kubwerera kudzakhala pansi, chikho chili pambali pawo. M'sukulumo munali zii, kumveka mbuzi zokha kutali. Thukuta linkatsika m'khosi mwa a Matiyasi ngakhale kunkazizira, ndipo manja awo anawabisa kumbuyo kuti asamuthandize.

Ndaziona anaima nthawi yaitali akuyang'ana dengu, akuyang'ana pakhomo, kumene amalume ankaoneka pansi pa mtengo paja. Sanandiyang'ane ine. Anatuluka, ndipo ndinaganiza kuti wathawanso. Koma anawerama, anatola kamunthu kaja, n'kulowa nako. Anakaika m'dzanja la ansembe. Anatenga chikho chija, chomwe masiku apitawo sankafuna n'kuchiona komwe, n'kuwagwiritsa m'dzanja linalo. Kenaka anagwada, anagwira mkono wawo ndi manja ake awiri n'kuukokera pamwamba pa mutu wake, madzi akutayikira pamapewa pake. Ndi liwu lake lokhota lija, lomwe ana ankaliseka, ananena mawu amodzi.

“Inenso.”

Ansembe anati mwanayu abatizidwa pamodzi ndi abale ake. Amayi analira mobisa nkhope m'nsalu. A Matiyasi anakhala pabenchi la ana, ndipo chinthu choyamba chimene ananena chinali chakuti akuda nkhawa mwanayo angadwale chifuwa ndi madzi ozizirawo. Amalume atauzidwa anapukuta mphuno, anatenga ndodo yawo n'kunena kuti mbalamezo azipirikitsa okha, poti mbumba yonse yasankha kunyowa. Madzulo ake amayi anatsitsa kamtolo kaja n'kukamasula.

Ndaziona anabatizidwa dzina lakuti Agata. Anakula, anakwatiwa m'mudzi momwemo, ndipo nyumba zathu zinayang'anana mpaka tsiku limene tinamuperekeza kumanda, kumene malo a pambali pake akundidikira. A Matiyasi anasamutsidwira kumudzi wina ine ndisanakwatiwe, ndipo sindinawathokoze mokwanira, poti ubwana umaiwala msanga.

Kamunthu kadothi ka Ndaziona kaja ndili nako, kanathyoka mkono umodzi, mwaye wake sunachoke wonse m'mizere. Ndili ndi mdzukulu amene aphunzitsi ake akuti mutu wake ndi wouma, zinthu sizilowa. Akabwera kwa ine ndi misozi, sindikweza mawu. Ndimamuuza kuti abwere mawa, ndipo akachoka ndimatenga kachidutswa ka phula kamene ndimasunga m'chibade, ndimakafewetsa ndi zala zanga zokalambazi, n'kuyamba ndalawa ndekha.